Maboti Sawerengedwa ku Skarvie

Skarvie, Scotland
Lolemba, 10 Okutobala 1955

Amuna anga Gilbert,

Landirani moni wochokera kuno kwanu. Muli bwanji ku Canada kwanuko? Ife tadzuka. Amayi anu miyendo ndiyo ikuwavutabe, koma pakamwa ali bwino zedi. Ishbel wanu akukula, nsapato zija munamusiyira zala zayamba kusuzumira kunja. Kalata yanu yomaliza inali yaifupi ngati munalemba chiimirire, ndipo za matikiti a sitima simunanenepo kanthu. Tidzabwera liti kumeneko? Kapena mwapeza wina wokuphikirani phala?

Ndili ndi kankhani, ndipo musandiseke. Dzulo titaweruka ku tchalitchi tinakwera njira ya pamwamba pa phompho kupita ku bwinja la linga la Dunarra, monga tichitira Lamulungu lililonse. Mudzi wonse unali m'njira, amuna manja m'matumba, akazi atagwirira zipewa kuopa mphepo. Amayi anu anatsalira pa benchi ija ya pakati pa njira. Mlamu wanu Hector anali kumbuyo ndi asodzi anzake, kukangana za nyambo ngati sabata yonse sanaonane. Oyamba kufika ku linga tinali atatu: ine, Ishbel ndi mlongo wanu Elspet, mkazi wa Hectoryo.

Mukulikumbukira zenera lalikulu logumuka lija, pamene munthu amaona doko lonse pansi pake? Maboti onse anali momwemo, poti Lamulungu palibe wopita panyanja. Tsono mwana wanuyu waphunzira kuwerenga manambala, ndipo sasiya kanthu: masitepe, mbatatesi, mabatani a agogo ake. Ine ndawerama kumanga chingwe cha nsapato, ndinangomva, "Limodzi, awiri, atatu," kachala kakuloza ku doko.

Elspet anachita kulumpha. Anagwira kadzanjako n'kukalowetsa m'thumba la jasi, dzanja lake linalo n'kukagwira chitsulo cha mpanda kuti apewe tsoka, nkhope ili mbee. Tisanapume n'komwe, kuseri kwa khoma kunatulukira Jessie Spink, uja wa makutu osagona. Amvekere, "Ndani akuwerenga maboti?"

Ndinamuyang'ana mwana, ali maso tong'o, sakudziwa chimene walakwa. Ndinati, "Ndine. Ndimamuphunzitsa mwanayu." Jessie anandiyang'ana kuyambira chipewa mpaka nsapato, n'kulavula pambali, ulendo. Elspet sanatsutse, sanavomere.

Zaka zonsezi ndakhala pano ndaphunzira zambiri: kusafunsa msodzi kumene akupita, kusaimba mluzu pa doko, kusatchula nkhumba pamene pali ukonde. Za kusawerenga mabotizi ndinkazidziwanso, kungoti sindinaganize zomuuza mwana wosafika zaka zisanu. Kwathu kumtunda atate amawerenga nkhosa m'mawa ndi madzulo, ndipo sindinaonepo nkhosa itamira. Komabe mtima wanga sunakhale pansi, sindikubisirani.

Maboti atuluka lero m'mawa, nyanja ili phee. Ndiyankheni msanga.

Mkazi wanu,
Rhoda


Skarvie
Lachisanu, 14 Okutobala 1955

Mlongo wanga Gilbert,

Ndikhulupirira uli bwino. Kuno sikuli bwino.

Hector wapita. Lachiwiri masana mphepo inatembenuka mwadzidzidzi. Maboti ena anathawira m'doko, lake silinafike. Tinaima pa phompho mpaka maso kuwawa. Dzulo mafunde atulutsa chitseko cha chipinda cha chiwongolero ndi bokosi la mbedza pansi pa linga. Anali atatu m'botimo, iye ndi ana awiri a kwa Ritchie. Palibe mtembo ndi umodzi womwe. Abusa akuti mwambo wa maliro uchitika sabata yamawa, ngakhale tilibe choti tiike m'manda.

Mbale yake ndikuiikabe pa tebulo. Amayi akuti ndisiye. Ndisiya ndikafuna.

Tsopano imva. Mudzi wonse ukunena kuti mkazi wako anawerenga maboti Lamulungu, chala chili poyera. Jessie Spink wafika nayo nkhaniyi khomo lililonse, ndipo a kwa Ritchie ataya ana awiri, ndiye ganiza wekha mmene akumuonera. Ine ndinali pomwepo. Ndinaona chala chimene chinaloza, ndipo ngati Rhoda anakulembera zoona, nawenso ukuchidziwa. Sindinauze munthu, ngakhale amayi. Rhoda anandigwira mkono pa chitsime n'kundipempha kuti ndikhale chete chifukwa cha mwana. Sindinamulonjeze kanthu.

Usandifunse ngati ndimakhulupirira zimenezi. Unabadwira m'nyumba imene ndinabadwira ine. Ukudziwa zimene zinachitika chaka chimene mlendo uja anawerenga amuna akukwera boti la atate.

Ishbel amabwera kudzandikumbatira miyendo, akuti, "Azakhali, musalire, amalume abwera." Ndimangoyang'ana kudenga.

Usatumize kanthu, sindikusowa chilichonse chimene positi ingabweretse. Ungolemba kalata kwa amayi, akufunsa za iwe.

Mlongo wako,
Elspet


Hamilton, Canada
18 Okutobala 1955

Rhoda wanga,

Moni, moni, mwana wa mlimi! Kalata yako ya pa 10 ndailandira dzulo, ndipo ngakhale unandiletsa, ndaseka mpaka mnzanga wa chipinda chimodzi anafunsa ngati ndalandira cholowa. Ine ndili bwino. Ntchito ya ku fakitale ya zitsulo ndi yotentha ngati ng'anjo ya Satana, koma munthu ukaweruka umadziwa kuti ukagona pabedi louma. Wondiphikira phala palibe, usade nkhawa. Ndimadziphikira ndekha, ndipo limatuluka loti ungamatire njerwa.

Koma abale, Skarvie sidzasintha! Jessie Spink akadali moyo? Mayi ameneyo anandithamangitsa ndi tsache ndili mwana chifukwa ndinatchula kalulu pafupi ndi boti la mwamuna wake. Ndikumuona Elspet akulumpha kukagwira chitsulo! Kunotu, Rhoda, sitima zimawerengedwa tsiku lililonse, zimalembedwa m'nyuzipepala ndi mayina omwe, ndipo sizimira. Munthu umafunika kutuluka m'mudzi muja kuti uone kuti tinkaopa mithunzi yathu yomwe.

Mwana wanga akuwerenga manambala! Ameneyo watengera bambo ake. Umuuze kuti Lamulungu likubwerali awerengenso, ndipo boti la amalume ake Hector aliwerenge kawiri, mwina angayambe kugwira nsomba zooneka. Umuuzenso Hector kuti ndanena ndine, akwiye bwino.

Za matikiti, leza mtima. Sitima zofika kufupi ndi kuno zimasiya kuyenda mtsinje umene zimadzera ukaundana ndi chisanu, ndipo sindikufuna kuti iwe ndi mwana muwoloke nyanja yaikulu m'miyezi yozizira. Tiyeni tidikire mwezi wa Meyi. Pofika nthawi imeneyo ndidzakhala nditapeza nyumba ya zipinda ziwiri, yokhala ndi mpopi wa madzi otentha mkati momwe. Udzalira ukadzauona.

Ndalakalaka njira ya pa phompho ija, ndisaname. Kuno Lamulungu ndimayenda m'mbali mwa nyanja yawoyi, koma ndi madzi opanda mchere, opanda fungo, opanda mwano. Umpsompsone Ishbel. Moni kwa amayi, kwa Elspet ndi kwa mlamu wanga waulesiyo.

Wako yekha,
Gilbert


Skarvie
21 Novembala 1955

Gilbert,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Makalata anu onse awiri anafika. Yoseka ija inafika tsiku la mwambo wa maliro, ndinaitsegula nditavala zakuda, ndipo ndinaiponya pamoto amayi anu asanaifunse. Sindikukuimbani mlandu, munali musanamve. Yachiwiri, yopepesa, Elspet anawawerengera amayi mokweza monga achitira masiku onse, poti maso awo aja tsopano zilembo saziona.

Mwafunsa chifukwa chake ndakhala chete mwezi wathunthu. Ndimafuna ndikulembereni zinthu zitapola. Sizikupola.

M'mawa sindituluka mpaka boti lomaliza litadutsa pakamwa pa doko, chifukwa mwamuna akakumana nane popita kunyanja amabwerera kunyumba, tsiku lake lathera pomwepo. Kushedi koikira nyambo ku mbedza akazi anachotsa mpando wanga. Ndinangopeza palibe. Ndikamadutsa mumsewu ndimamva mchere ukuwazidwa kumbuyo kwanga, wina umagwera m'khosi. Mayi Ritchie samandiwaza mchere, amangoima n'kumandiyang'ana, ndipo bola mcherewo. Amayi anu amandilankhula kudzera kwa mphaka: "Uwauze ena kuti malasha atha."

Lamulungu timayendabe njira ya ku linga. Amayi anu akuti banja lanu la Cargill silinasiyepo kuyenda njira imeneyo, ngakhale chaka chimene anamwalira atate anu. Ndiye timayenda: iwo ndi Elspet kutsogolo, ine ndi mwana kumbuyo, ndipo kumbuyo kwathu mpata waukulu woti ngolo n'kutembenukirapo. Ku zenera kuja sitifikako. Dzanja la Ishbel ndimaligwira mpaka amadandaula kuti ndikumupweteka.

Zonsezi ndingazipirire, Gilbert. Ndine wakumtunda, sanandikondepo n'kale lomwe. Chimene sindingapirire n'choti mwanayu adziwe. Pakali pano sakudziwa kanthu. Anandifunsa kuti, "Amayi, bwanji akukuthirani mchere?" Ndinati n'cholinga choti ndisaterereke pa chisanu. Anati, "Ndi anthu abwino eti?" Ndinati eya. Sindimulola kusewera kunja, ndimati kukuzizira. Koma Pasaka ikangodutsa ayamba sukulu, ndipo kumeneko ana adzamuuza tsiku loyamba lomwe kuti amayi ako anawerenga maboti n'kupha anthu atatu. Mwanayu si wopusa. Adzakumbukira amene anawerenga.

Inu mukuti Meyi. Meyi ndi kutali. Ndamva kuti zilipo sitima zimene zimayenda ngakhale m'miyezi yozizira, zokakocheza ku doko la Halifax, ku Canada komweko. Kusanza panyanja sindikuopa. Nyumba ya zipinda ziwiri sindikuifuna, mpopi wanuwo sindikuufuna, tidzagona pansi. Tichotseni kuno Pasaka isanafike.

Elspet akadali chete, koma akuonda, ndipo nthawi zina ndimamupeza akuyang'ana manja a mwana pamene akudya. Sindikudziwa kuti apirira mpaka liti.

Chinthu chimodzi ndikupemphani, ndipo mundimvetse bwino: musauze munthu. Musayese kundikonzera. Mlanduwu ndinausenza ndekha ndipo ndikuukwanitsa.

Rhoda


Hamilton, Canada
2 Januwale 1956

Amayi anga okondedwa,

Moni wa chaka chatsopano. Miyendo ikuti bwanji? Ndikhulupirira bulangete lija ndinatumiza linafika. Ine ndili bwino, kungoti tulo sindikulipeza chifukwa cha zimene ndikumva kuchokera kwanuko. Elspet, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera kalatayi. Usadumphe mzere ndi umodzi womwe, ndakupempha.

Amayi, ndakhala ndi nkhaniyi mumtima masabata ambiri, ndipo Khirisimasi yonse ndaidya yowawa. Mkazi wanga ndinamusiya m'manja mwanu. Lero ndikumva kuti akuwazidwa mchere mumsewu ngati nsomba, ndipo m'nyumba mwanu momwe mukumulankhula kudzera kwa mphaka. Kodi zimenezi n'zoona? Inu amene munandiphunzitsa kuti mlendo sagona ndi njala?

Hector ndinkamukonda ngati mbale wanga, ndipo ndamulira. Koma Hector anamizidwa ndi mphepo ya kumpoto ndi injini yokalamba imene tonse tinkamuuza kuti aisinthe. Chala sichimiza boti. Ndikudziwa kuti izi simungazimve, ndiye ndikuuzani china chimene mungachimve.

Rhoda anandiletsa kunena, ndipo adzandikwiyira, koma mwamuna sangakhale chete mkazi wake akuzunzika pa mlandu wosakhala wake. Amene anawerenga maboti tsiku lija si Rhoda. Ndi Ishbel, mdzukulu wanu, magazi anu, kamwana kosadziwa kumanja ndi kumanzere. Rhoda anangodziponya kutsogolo. Elspet analipo, mufunseni. Tsono ngati mcherewo ukadalipo, kawazeni kamwanako tione. Ndikudziwa kuti simungatero, ndipo palibe munthu mu Skarvie amene angasungire mwana chakukhosi. Muwauze a kwa Ritchie, mumuuze Jessie Spink, nkhaniyi ithe, mkazi wanga abwezeredwe mpando wake.

Rhoda akufuna kuti ndiwatenge m'nyengo yozizira ino. Ndikuona kuti ndi mantha chabe, ndipo zoona zikadziwika sipakhalanso chothawa. Adzabwera mu Meyi monga tinapangana, atatsanzikana ndi anthu mwaulemu, osati ngati akuba.

Mundikhululukire ngati ndalankhula mokweza. Ndine mwana wanu yemwe uja.

Gilbert


Skarvie
11 Januwale 1956

Gilbert,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino. Mwachita chiyani?

Ndinakupemphani chinthu chimodzi. Chimodzi! Kodi mwakhala kunja nthawi yaitali bwanji kuti muiwale kuti nyumba ino ili ndi chipinda chimodzi chokha chofunda? Mumaganiza kuti kalata yanu akawerengera kuti, pa denga? Inafika dzulo masana tonse tili pamoto. Amayi anu pa mpando wawo, ine ndikusenda mbatatesi, Ishbel wakhala pansi atatambasula manja, agogo ake akukulunga ulusi. Atamva kuti ndi ya adadi anasangalala, anati, "Azakhali, werengani mokweza!"

Elspet anawerenga. Pa mawu a mchere ndi mphaka amayi anu anangoti, "Hm." Ine ndinati, "Mlamu, bwanji tiimalize nthawi ina?" Amayi anu anati, "Mwana wanga wati asadumphe mzere." Elspet amawerenga pang'onopang'ono, chala pa pepala, saona zimene zili kutsogolo. Anafika poti, "Amene anawerenga maboti tsiku lija si Rhoda. Ndi Ish..." n'kuima. Koma anali atachedwa.

Ulusi unagwa m'manja mwa amayi anu n'kugubudukira kumoto, palibe anautola. Anamuyang'ana mwana, Gilbert. Sanamukalipire, sanamumenye. Anangobweza miyendo yawo pang'ono kuti siketi yawo isamukhudze. Inu amene mukuti palibe angasungire mwana chakukhosi, mukanaona zimenezo.

Ishbel anayang'ana agogo ake, anayang'ana Elspet, kenako ine. Anafunsa kuti, "Kuwerenga maboti n'koipa?" Ndinati ayi. Amayi anu anati, "Usamunamize mwana." Ndinamunyamula kupita naye kuchipinda chozizira, ndinamuuza nkhani zonse zimene ndikuzidziwa, za nkhosa za agogo ake akumtunda, za sitima imene tidzakwere. Kenako anati, "Mchere uja si wa chisanu, eti amayi?"

Lero sanadye phala. Manja onse awiri wawalowetsa m'manja mwa juzi ndipo sakufuna kuwatulutsa, ngakhale posamba. Kunja mphepo yayamba, maboti sanatuluke, amuna ali m'makomo, ndiye pofika mawa nkhaniyi ikhala itazungulira mudzi. Jessie Spink wabwera kale kawiri kudzabwereka machesi.

Mpando wanga wa kushedi mumaufuna kwambiri? Ine sindinaulire. Miyezi itatu ndayenda ndi mchere m'khosi kuti mwanayu agone tulo, inu mwazigwetsa ndi sitampa imodzi, muli pabedi lanu louma.

Ndatopa, sindingathe kulemba zambiri. Tumizani matikiti a ku Halifax. Ngati simutumiza, ndimutenga mwana kupita naye kwa atate kumtunda, ndipo mukadzatifuna mudzachita kubwera nokha.

Rhoda


Skarvie
16 Januwale 1956

Mlongo wanga Gilbert,

Ndikhulupirira uli bwino. Mwana ali moyo, ndiyambe ndi zimenezo kuti uwerenge zotsalazo utakhala pansi. Rhoda sakufuna kukulembera, ndiye ndalemba ndine.

Lachinayi mphepo inakula. Matailosi ankauluka pa madenga, maboti onse atamangidwa zingwe ziwiriziwiri m'doko. Cha m'ma teni m'mawa Rhoda anatuluka kukatenga malasha kuseri. Pobwera anapeza chitseko chili pululu, jasi la mwana palibe. Anathamangira ku doko akukuwa, amuna anatuluka, ena kuyang'ana pansi pa maboti, ena m'mashedi. Ndikuuze, a kwa Ritchie anali oyamba kutuluka ndi zingwe. Ine sindinapite ku doko. Ndinadziwa kumene wapita, usandifunse kuti ndinadziwa bwanji.

Njira ya pa phompho ija sindinaiyendepo pa mphepo yotere. Pena ndinkakwawa. Thovu la mafunde linkafika mpaka pamwamba, kumandimenya kumaso. Pa benchi ya amayi ndinapeza chipewa chake chitakodwa ku waya. Ndinapitirira.

Ndinamupeza pa zenera logumuka lija. Sanali mkati mwa mpanda wachitsulo, anali atapyola pansi pake. Anagwada pa mwala wa kunsonga weniweni, dzanja limodzi atagwira udzu, linalo akuloza pansi. Iwe ukudziwa zimene zili kunsi kwa mwala umenewo. Sindinakuwe, ndinaopa kuti akadzidzimuka apita. Ndinagona chafufumimba n'kumakwawa, ndipo nditayandikira ndinamva zimene ankanena. Ankaloza boti limodzi limodzi, akuti, "Iwe sindinakuwerenge. Iwenso sindinakuwerenge. Iwenso." Atamaliza onse anayamba kusuzumira kutsogolo, khosi kutalika, bondo limodzi lili m'malere.

Ndinamugwira lamba wa jasi n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Tinagubuduka tonse mpaka kukagunda khoma. Ndinamukumbatira. Iye osalira. Anati, "Azakhali, ndisiyeni, sindinamalize. La amalume sindikuliona. Ndikaliuza libwera."

Gilbert, ine ndaika atate m'manda, ndataya mwamuna, koma sindinamvepo kuwawa ngati kumeneko.

Ndinamulowetsa m'jasi langa, kuseri kwa khoma kumene mphepo siifika. Anatulutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso, anati, "Ndine ndinapha amalume?"

Iwe ukanayankha msanga, ndikudziwa, ukanamuuza za injini ndi mphepo ya kumpoto. Iwe unachoka. Ine ndimadzuka m'mawa uliwonse kumbali ya bedi kuli kozizira, ndipo chimene ndimaona ndisanatsegule maso ndi kachala kaja. Ndayesa kupemphera kuti chichoke. Sichichoka.

Ndinamuuza kuti, "Ayi. Nyanja simva mawu a ana. Imamva akuluakulu okha, ndipo iwe ndiwe kamwana." Anati, "Zoona?" Ndinati zoona. Anati, "Lumbirani." Ndinalumbira pa dzina la Hector. Pamenepo ndiye analira, kulira kwenikweni, ndipo ndinamubereka kumbuyo mpaka kumudzi. Rhoda atationa anagwa pansi mumsewu. Amene anamudzutsa ndi Mayi Ritchie.

Madzulo ake ndinawauza amayi kuti m'nyumba muno mawu ndi amenewo, nyanja simva ana, ndipo amene anene zina ine ndisamuka. Ndinapitanso kwa Jessie Spink n'kumuuza chimodzimodzi, nditaima pakhomo pake, mokweza kuti oyandikana naye amve. Anati, "Zimenezo sitinazimvepo." Ndinati, "Wazimva lero, kwa mkazi wamasiye. Ukufuna kutsutsana nane?" Pakali pano mudzi uli chete chifukwa akundichitira manyazi. Manyazi satha chaka, ndipo ana a sukulu alibe n'komwe.

Dzulo Lamulungu tinayenda njira ya ku linga, mphepo itagwa. Ishbel anakana dzanja la amayi ake, anafuna langa. Ndinamupatsa. Manja watulutsa m'juzi, phala akudya. Koma tsopano amanditsatira paliponse, ku chitsime, kushedi, ngakhale kokataya phulusa. Ndikatembenuka ndimapeza akundiyang'ana kumaso, phee, ngati mmene asodzi amayang'anira mitambo. Akufuna aone ngati ndinanena zoona.

Ndiye imva, mlongo wanga, ndipo ulendo uno uchite zimene wauzidwa. Usalembenso kalata yokonza zinthu. Usadikire Meyi. Pita ukagule matikiti a ku Halifax tsiku lomwe ulandire kalata ino. Mwanayu ndimamukonda kuposa chilichonse chimene chanditsalira, ndipo akachoka nyumba ino idzakhala manda. Koma zimene ndinamuuza zija ine sindizikhulupirira, ndipo tsiku lina adzandipeza nditatopa.

Mpaka lero nkhope yanga ikukwanitsa kubisa. Fulumira.

Elspet